Maphunziro a aphunzitsi abwerere m'kalasi, asathere ku Senga Bay

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani ya maphunziro owonjezera luso la aphunzitsi omwe ali kale pantchito, aja eni ake amangowatchula kuti CPD. Ife a kuno ku Salima nkhaniyi timaiona mbali zonse ziwiri. Mahotela a ku Senga Bay sasowa misonkhano ya zamaphunziro. Magalimoto amatsika kuchokera ku Lilongwe, anthu amakhala m'chipinda chozizira bwino masiku atatu kapena asanu, mapepala akuluakulu n'kudzaza khoma lonse. Koma mukangochoka pamenepo makilomita ochepa n'kulowa m'kalasi ya Sitandade 2, mupeza phunziro likuyenda monga linkayendera chaka chatha. Mfundo yathu ndi imodzi: luso la mphunzitsi limakula pamene aphunzitsi a sukulu zoyandikana akukumana pafupipafupi, kuonerana phunziro lenileni pamaso pa ana enieni, kenako n'kubwerera kukaona ngati anawo asintha.

Pochitira ntchitoyi palipo kale, sitikupempha kuti amange china. Maphunziro aulere a ku pulayimale atayamba mu 1994, ana anakhamukira kusukulu ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osadutsa ku koleji, omwe anadzaphunzitsidwa ali pantchito kudzera mu pulogalamu ya MIITEP. M'nyengo yomweyo dziko linagawidwa m'mazoni 315, zoni iliyonse ndi TDC yake (malo okumanirana ndi kuphunzirira aphunzitsi) komanso mlangizi wake, a PEA, mothandizidwa ndi a ACCO, omwe amawathandiza kuyendetsa TDC. Pulogalamu ya kuwerenga ya NRP, yomwe inayamba ndi Sitandade 1 mu 2016, inabweretsa timagulu ta aphunzitsi tophunzitsana pasukulu, ndipo mu 2018 unduna unatulutsa ndondomeko ya CPD. Mayina ndi mapepala zilipo zokwanira. Chikusowa ndi kachitidwe kake ka tsiku ndi tsiku.

Njira yomwe yazolowereka ndi yopatsirana. Akatswiri aphunzitsa gulu lochepa, gululo liphunzitsa a PEA ndi aphunzitsi osankhidwa, iwo aphunzitsa ahedi kapena mphunzitsi mmodzi pasukulu, ameneyo ndiye akauze anzake. Njirayi ndi yabwino pofalitsa uthenga, monga kusintha kwa silabasi kapena kafikidwe ka mabuku atsopano. Pa luso sithandiza kwenikweni, pa zifukwa ziwiri. Nthawi imafupika pa sitepe iliyonse: zomwe zinatenga sabata kumwambako zimafika kusukulu ngati chilengezo cha mphindi makumi atatu mu ofesi ya ahedi. Ndipo chomwe chimayamba kutayika ndi kuyeserera komwe, popeza n'kumene kumadya nthawi. Mphunzitsi amatsala ndi mawu atsopano, amatha kunena kuti phunziro liyenera kutsamira pa wophunzira, koma sanaonepo munthu akuchita zimenezo ndi ana 100 atakhala pansi, buku limodzi ana anayi.

Tiyambe ndi kukula kwa gulu. Zoni yonse ndi yaikulu kwambiri pa ntchito imeneyi. Aphunzitsi a sukulu khumi ndi kuposera apo akadzazana mu holo ya TDC, zimasanduka msonkhano womvera munthu mmodzi. A PEA agawe zoni yawo m'timagulu ta sukulu zitatu kapena zinayi, ndipo muyeso wake ukhale ulendo, osati mapu: mphunzitsi afike pa sukulu inayo pasanathe ola limodzi, wapansi kapena panjinga, ngakhale m'dzinja. Sukulu ziwiri zikhoza kuonana patsidya, koma ngati pakati pake pali Linthipe, Lifidzi kapena Lingadzi popanda mlatho pafupi, mu Febuluwale zimenezo si sukulu zoyandikana. Kwa anzathu a ku Nkhotakota n'chimodzimodzi ndi Bua, Kaombe kapena madambo ozungulira Chia. M'gulumo agawanenso malinga ndi makalasi: a Sitandade 1 ndi 2 paokha, a 3 ndi 4 paokha, a 5 mpaka 8 paokha kapena motsata phunziro. Anthu asanu ndi mmodzi mpaka khumi ndi okwanira. Akapitirira pamenepo, ena amangokhala phee kudikira nthawi yoweruka.

Gulu lotere likumane katatu pa teremu, ndipo mikumano itatuyo ikhale ya nkhani imodzi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Lero za kalembedwe ka sikimu, mwezi wamawa za ana olumala, winawo za kadzazidwe ka rejisita. Zonsezo n'zofunika, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Teremu imodzi, vuto limodzi.

Vutolo lisachokere m'mutu mwa a PEA kapena ahedi. Lichokere m'makope a ana. Mkumano woyamba usanachitike, cha m'sabata yachiwiri ya teremu, mphunzitsi aliyense ayese ana khumi a m'kalasi mwake. Asasankhe yekha, chifukwa dzanja limathamangira kwa anzeru okhala kutsogolo. Atenge rejisita, ngati muli ana 100 atenge dzina lakhumi lililonse, aonetsetse kuti muli anyamata ndi atsikana. Ngati ndi kuwerenga Chichewa, mwana aliyense awerenge kandime komweko kwa mphindi imodzi, mphunzitsi ali ndi pepala lake akudula mzere pa liwu lililonse lomwe mwana walakwitsa kapena kulumpha, pamapeto awerengetse mawu olondola. Mwana yemwe walephera mawu asanu oyambirira asamuzunze, amupatse maphatikizo kapena malembo okha kuti aone pamene wakakamira. Ntchito yonseyi siposa theka la ola. Ngati ndi masamu, mafunso asanu pa pepala ndi okwanira.

Koma mafunsowo asankhidwe mwanzeru. Titenge kuchotsera kobwereka. Mukafunsa 52 kuchotsa 27, mwana amene amangochotsa nambala yaing'ono ku yaikulu posayang'ana ili pamwamba kapena pansi alemba 35. Mwana amene wabwereka bwinobwino koma waiwala kuchepetsa 5 uja alembanso 35. Yankho limodzi, matenda awiri, ndipo mphunzitsi sangadziwe woti amupatse mankhwala ati. Funsani 53 kuchotsa 27. Woyamba uja alemba 34, wachiwiri alemba 36, wodziwa alemba 26. Aphunzitsi asanu ndi atatu akabwera ndi mapepala khumi aliyense, pali mayankho a ana 80 patebulo. Awaunjike malinga ndi mtundu wa cholakwa, mulu wa 34 apa, wa 36 apo, osayankha apo. Mulu waukulu ndiwo mutu wa teremu imeneyo.

Pa mkumano woyambawo, womwe usapitirire maola awiri, akatha kuona vuto akonzere limodzi phunziro limodzi. Atsegule buku la mphunzitsi ndi la ophunzira pa mutu umenewo, aone zizindikiro za kakhonzedwe, asankhe chimodzi chokha. Kenako alembe zinthu zitatu zomwe mapulani ambiri salemba: mawu enieni omwe mphunzitsi adzanene pofunsa funso lalikulu, mayankho olakwika omwe akuyembekeza, ndi chomwe adzachite akamva yankho lililonse. Pa kuchotsera kuja, akonze mitolo ya timitengo khumikhumi yomangidwa ndi luzi kapena mphira, yokwanira kuti gulu lililonse la ana likhale ndi mitolo isanu ndi timitengo titatu tapadera. Mwana akafuna kuchotsa tisanu n'tiwiri pomwe ali ndi titatu tokha, amakakamizika kumasula mtolo umodzi, ndipo amaona ndi maso kuti mitolo yatsala inayi. Kubwereka kuja n'kumeneko. Ndiyo TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera, yomwe aphunzitsi anaphunzira ku koleji. Chimalakwika n'chakuti mphunzitsi amabwera ndi mitolo isanu yokha, yake, n'kuonetsa ali kubolodi, ana a kumbuyo osaona kanthu. Kalasi ya ana 100 m'magulu a anthu asanu ikufuna mitolo 100 ndi timitengo tina 60 tapadera, ndipo ana eni ake akhoza kutola ndi kumanga zimenezo sabata isanafike.

Wodzaphunzitsa asasankhidwe tsiku lokonza lisanathe. Akadziwika msanga, enawo amamusiyira yekha, ndipo phunziro limakhala lake, kudzudzula kwake n'kukhalanso kwa iye. Achite maere pamapeto. Phunziro ndi la gulu lonse, iye wangolinyamula.

Mkumano wachiwiri, cha m'sabata yachinayi kapena yachisanu, ndiwo mtima wa zonse. Phunziro liphunzitsidwe m'kalasi yeniyeni, ana onse alipo, nthawi yake yomweyo ya mphindi 30 kapena 35. Pali zinthu zitatu zomwe zimaononga tsikuli. Choyamba ndi kuyeserera ndi aphunzitsi anzawo akunamizira kukhala ana. Akuluakulu amayankha zolondola mwachangu ndipo phunziro limaoneka lokoma pomwe silinayesedwe. Chachiwiri ndi kusankha ana makumi atatu ochangamuka ena n'kuwauza apite kwawo. Chachitatu, chomwe chimachitika kwambiri, ndi kuphunzitsiratu phunzirolo dzulo lake kuti alendo akabwera manja adzakwere onse. Mukaona ana akuyankha funso lisanathe kufunsidwa, dziwani kuti mukuonera sewero.

Oonerera asakhale pamipando kumbuyo atapinda miyendo ngati oyendera sukulu. Aliyense apatsidwe ana atatu kapena anayi oti aziwayang'ana, makamaka ochokera pa khumi anayesedwa aja, ndipo ayime pomwe angaone kope la mwanayo. Alembe zooneka ndi zomveka basi: mwana wanena chiyani, walemba chiyani, wasiya kutsatira pa mphindi yanji. Mmodzi agwire wotchi, alembe mphindi zomwe mphunzitsi walankhula ndi zomwe ana agwira ntchito okha. Wina ajambule kalasi papepala n'kuika kadontho pomwe pali mwana aliyense yemwe watchulidwa kuti ayankhe. Kapepala kameneka kamalankhula kuposa munthu: kawirikawiri timadontho timaunjikana kutsogolo ndi pakati, m'makona muli mbee. Oonerera asathandize ana, ngakhale mtima ukuwawa bwanji. Ukamunong'oneza mwana yankho wabisa chomwe gulu linabwerera kudzaona.

Tinenepo za kuyankha kwa chikhamu, popeza ndiko kumanamiza aphunzitsi ambiri a makalasi aang'ono. Mphunzitsi aloza "nkha" pabolodi, kalasi yonse ifuula "nkha", iye n'kukhutira. Woonerera yemwe ali pafupi ndi ana anayi aja adzaona kuti awiri sakuyang'ana n'komwe pabolodi, akungotsatira mawu a anzawo. Mabuku a NRP amayendetsa phunziro m'magawo atatu, mphunzitsi yekha, mphunzitsi ndi ophunzira, kenako ophunzira paokha. Gawo lachitatulo ndi lomwe limadyedwa nthawi ikatha, chonsecho ndi lokhalo lomwe limaonetsa yemwe wadziwa. Ndipo masamu ake ndi owawa: mphindi 35 kugawira ana 100, aliyense apeza masekondi 21. Palibe mphunzitsi angamve mwana aliyense payekha. N'chifukwa chake gulu liyenera kuyesa njira monga kuwerengerana awiriawiri, kapena onse kulemba yankho pa sileti kapena pakope n'kukweza m'mwamba nthawi imodzi.

Ana akaweruka, akhale pansi mphindi 45 mpaka ola. Ayambe kulankhula ndi amene waphunzitsa, anene pomwe phunziro lapatuka pa zomwe anakonza. Kenako oonerera, aliyense ndi zomwe walemba. Wotsogolera zokambirana aletse mitundu iwiri ya ndemanga. Wina ndi uja waulemu wopanda kanthu, "aphunzitsa bwino, mawu amamveka, bolodi analigawa bwino". Wina ndi uja wolasa munthu, "simunakonzekere, madamu". M'malo mwake munthu anene kuti, "Ana atatu mwa anayi omwe ndimawaona anamasula mtolo, koma polemba sanachepetse 5 uja." Chiganizo chotere chimaloza pomwe phunziro lili ndi mpata, pakati pa timitengo ndi cholembera, ndipo gulu likhoza kugwirizana kuti ulendo wina mwana mmodzi azimasula mtolo mnzake akulemba nthawi yomweyo. Atuluke ndi zosintha ziwiri, zikachuluka zitatu.

Mwambo wathu wolemekeza akulu umalowererapo apa, ndipo tisaunyoze, tingoukonzera njira. Mphunzitsi wongotuluka kumene ku koleji sangatsutse yemwe wagwira choko zaka makumi awiri, ngakhale ataona cholakwika. Achinyamata ayambe kupereka ndemanga, akuluakulu atsirize. Ahedi ndi a PEA akakhalapo alankhule pamapeto penipeni, ndipo ulendo wina iwonso agwire choko aphunzitse anzawo akuonerera. Chachikulu n'chakuti zomwe zaonedwa pa tsikuli zisalowe m'failo ya munthu. Mphunzitsi akangodziwa kuti kuphunzitsa pamaso pa anzake kukhoza kumubweretsera kalata yomudzudzula, sadzayesanso chinthu chovuta. Kuyendera sukulu kuli ndi tsiku lake ndi mafomu ake.

Pasanathe masabata awiri, aliyense akaphunzitse phunziro lokonzedwansolo m'kalasi mwake. Popanda sitepe imeneyi, wapindula ndi mmodzi yekha. Mkumano wachitatu, cha m'sabata yachisanu ndi chinayi mayeso a teremu asanayandikire, abwere ndi zotsatira za ana khumi omwe aja, atayesedwanso ndi mafunso ofanana kulemera kwake koma manambala ena, kapena kandime kena ka msinkhu womwewo. Ana khumi si kafukufuku woti n'kulengeza pa wailesi, ndipo ziwerengerozi zisagwiritsidwe ntchito poika sukulu pa mndandanda wa yoyamba ndi yotsiriza; mukatero aphunzitsi ayamba kukonza manambala. Ntchito yake ndi kuuza gulu ngati mulu wa 34 uja wachepa. Ngati sunachepe, mutuwo upitirire teremu yamawa popanda manyazi.

Kusankha tsiku kukufuna kudziwa dera. Lachisanu masana silingatheke m'madera ambiri a m'mbali mwa nyanja, aphunzitsi ndi ana ambiri amapita ku mzikiti. Loweruka ena ali kutchalitchi, ena kumunda, ndipo ndi tsiku lawo lopuma. Masiku a malipiro anthu amakhala pa mzere kubanki ku boma. Tsiku la msika wa m'deralo ana amachepa m'kalasi. Lachiwiri kapena Lachitatu, chapakati pa mwezi, ndiye nthawi yosavuta. Phunziro loonerera liikidwe kumapeto kwa tsiku la kalasiyo kuti alendo ayambe aphunzitsa kwawo m'mawa, ndipo ahedi akonzeretu woyang'anira makalasi otsala. Komiti ya sukulu ndi makolo auzidwe teremu ikamayamba, kuti akaona aphunzitsi pamsewu nthawi ya sukulu asati athawa ntchito. Mu Okutobala ndi Novembala, ndi kutentha kwa kuno, zokambirana za 2 koloko m'kalasi ya malata sizipita patali. Pansi pa mtengo wa mango pamaposa.

Pali mitu ina yomwe ndi yathuyathu kuno, yoti buku lolembedwa ku Domasi, komwe amakonza mabuku a sukulu, silingaithetse lokha. Ana ambiri a m'mbali mwa nyanja amayamba Sitandade 1 akulankhula Chiyao kunyumba, kumpoto kwa Nkhotakota Chitonga, ndipo mphunzitsi wochokera kumtunda amawayesa ogona pomwe vuto ndi chinenero. M'gulu la sukulu zinayi simungalephere kupezeka wodziwa zinenerozi, woti n'kuthandiza anzake ndi mawu ofunika m'masabata oyamba. Palinso ana ojomba nyengo ya usipa kapena yoingitsa mbalame m'minda ya mpunga, omwe amabwerera atatsalira mitu iwiri. Mmene mungamubwezere mwana wotere mumzere popanda kuimitsa kalasi yonse ndi mutu wokwanira teremu yathunthu.

Tsopano ndalama, poti nkhani imathera pamenepo. Chizolowezi cha alawansi chafika poti mkumano wopanda envelopu anthu sauwerengera. Sitikuwada aphunzitsi pa ichi. Malipiro awo tikuwadziwa, ndipo amaona anzawo akubwera kunyanja ndi kanthu m'thumba. Koma gulu lodalira bungwe limafa tsiku lomwe pulojekiti yatha. Zofunika zenizeni n'zochepa: mapepala, mapeni olembera pa tchati, choko, ya kabaza kwa ochokera kutali, ndi kachakumwa ndi kodyera pang'ono. Sukulu iliyonse imalemba pulani yotukulira sukulu, SIP, ndipo imalandira ndalama zotukulira sukulu, za SIG, zomwe zili ndi gawo la ubwino wa maphunziro. Mikumano isanu ndi inayi ya pachaka ilembedwe m'pulaniyo ndi mtengo wake, komiti ya sukulu ivomereze, ndipo sukulu zizilandirana alendo mosinthana kuti mtolo usagwere imodzi. Vuto lodziwika ndi loti ndalamazi zimachedwa kufika. Choncho mkumano woyamba wa chaka ukonzedwe moti utheke popanda khobidi: pa sukulu yapakati, ndi makope a ana basi. Mabungwe ofuna kuthandiza achite bwino kupereka mafuta a njinga yamoto ya a PEA, chifukwa mlangizi wopanda mafuta amangokhala wotolera mafomu pa TDC.

Kwa akuluakulu a maphunziro ku khonsolo ndi ku ofesi ya maphunziro ya chigawo chathu, Central East Education Division, tili ndi zopempha ziwiri. Mphunzitsi yemwe watsogolera gulu, waphunzitsa pamaso pa anzake ndipo ali ndi umboni wa ana ake, zimenezo ziwerengedwe pokweza anthu pantchito. Pali aphunzitsi omwe akhala pa giredi yoyambira ya PT4 zaka zambirimbiri, ndipo kuwauza kuti adzikuze luso popanda chowayembekezera n'kuwapempha zambiri. Umboni wake usakhale siginecha ya pa rejisita ya mkumano, poti imeneyo aliyense amasaina, koma pulani ya phunziro, zolemba za oonerera ndi mapepala a ana. Chachiwiri, posamutsa aphunzitsi muziyang'anako magulu amenewa. Wotsogolera akachotsedwa pakati pa teremu, ntchito imaima.

Pofuna kudziteteza ku zimenezo, gulu lililonse likhale ndi otsogolera awiri ochokera sukulu zosiyana, komanso kope limodzi lachikuto cholimba. Mkumano uliwonse utenge tsamba limodzi: tsiku, obwera, vuto, ziwerengero za ana khumi aja, zosintha zomwe agwirizana, ndi tsiku la mkumano wotsatira. Pulani ya phunziro yokonzedwanso imatidwe kumbuyo. Kopelo lizisungidwa ku sukulu yomwe idzalandire alendo ulendo wotsatira, osati m'chikwama cha munthu, ndipo kumapeto kwa teremu a ACCO akopere mapulaniwo n'kuwaika pa TDC kuti magulu ena a m'zoni awapeze. Gulu la pa WhatsApp likhoza kuthandiza kukumbutsana tsiku ndi kutumizirana chithunzi cha pulani, makamaka mitsinje ikadzaza, koma si onse ali ndi foni yotero kapena bandulo, choncho tsiku la mkumano lilembedwenso pa bolodi la mu ofesi ya ahedi pa sukulu iliyonse.

Aphunzitsi opuma pantchito,
Salima